Khadi la GPU ndi adiresi ya Bitcoin yokhala ndi dzina: werengani zilembo musanayatse makina

Mawu oyamba amene ndinafuna kuti aoneke kumayambiriro kwa adiresi yanga ya Bitcoin anali Moni. Ndinalemba lamulo mu pulogalamu ya pakompyuta, ndinadina Enter, ndipo ndisanachotse n'komwe chala pabatani adiresi inali itatuluka kale: 1Moni, kenako zilembo zosokonekera zija zimene tonse tinazizolowera. Mtima unakwera m'mwamba. Ndinati ngati zili zophweka chonchi, bwanji osalemba Chimwemwe. Fani ya khadi la GPU, lija loyendetsa zithunzi m'kompyuta, inayamba kulira, m'chipinda munayamba kufunda, ndipo pulogalamu inandiuza mosabisa kuti ndidikire masabata opitirira atatu kuti mwayi wanga ungofika theka. Khadi linali lomwelo, liwiro lomwelo. Chimene chinasintha ndi zilembo zisanu basi.

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandifunsa kuti agule khadi liti lopangira vanity address, kutanthauza adiresi yoyamba ndi mawu amene wadzisankhira, ndimayamba ndamufunsa kuti akufuna mawu ati. Funso la khadi limabwera pambuyo, ndipo nthawi zambiri sakhalanso nalo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa chimene khadilo likuchita likamalira choncho. Adiresi simasankha ayi, imachita kubadwa kuchokera ku kiyi yachinsinsi. Kiyiyo ndi nambala ya mabiti 256. Kuchokera pamenepo masamu a secp256k1 amatulutsa kiyi yoonekera, kiyi yoonekerayo imaperedwa mu SHA-256, zotulukazo zimaperedwanso mu RIPEMD-160 (ziwirizi ndi njira za masamu zosakanizira manambala), ndipo mabiti 160 otsalawo ndi amene amalembedwa m'zilembo kukhala adiresi. Njirayi imapita kutsogolo kokha. Simungayambire pa 1Moni n'kubwerera m'mbuyo kukapeza kiyi. Choncho pulogalamu imangotola kiyi, kuyang'ana adiresi yake, kutaya, kutola ina, mpaka itagwera yomwe ikuyamba ndi zilembo zanu. Ntchitoyi ndi yofanana yokhayokha, ndipo kiyi imodzi sidikira inzake. N'chifukwa chake GPU imaposa CPU, yomwe ndi ubongo waukulu wa kompyuta, kutali kwambiri: RTX 3060 ili ndi tizigawo towerengera, totchedwa timacore ta CUDA, 3,584, RTX 4090 ili nato 16,384, ndipo tonseto timatola makiyi nthawi imodzi.

Khadi langa si lapamwamba kwenikweni. Pa pulogalamu ya VanitySearch limazungulira pafupi ndi makiyi biliyoni imodzi pa sekondi, ndipo masamu onse m'munsimu ndawachita pa liwiro limeneli chifukwa ndi losavuta kuchulukitsa ndi kugawa. Ngati lanu limathamanga kawiri, gawani nthawi pawiri.

Maadiresi oyamba ndi 1 amalembedwa ndi zilembo 58. Zinayi zinachotsedwa chifukwa zimasokoneza maso: ziro, O wamkulu, I wamkulu ndi l wamng'ono. Ife olankhula Chichewa l wamng'onoyu amatipweteka, poti mawu athu ambiri ali naye. Lero mungalembe chifukwa L wake ndi wamkulu, koma mawu ngati Dalitso kapena Tadala satheka pokhapokha mutalolera kuti pakati pa mawu paime L wamkulu. Chilembo chilichonse chimene mwaonjezera chimachulukitsa ntchito ka 58. Mvetsetsani bwino pamenepa: sikuti ntchito imaonjezekera pang'ono, imachulukitsidwa. Mukagula khadi lothamanga kasanu kuposa langa, simunagule ngakhale chilembo chimodzi chathunthu.

Pali kachinsinsi kena kamene anthu ambiri sakadziwa, ndipo ine kamandisangalatsa kwambiri. Chilembo choyamba chotsatira 1 uja sichigwa mofanana. Chifukwa cha kukula kwa nambala imene imalembedwayo, maadiresi ambiri amayamba ndi zilembo zapakati pa 2 ndi P, ndipo Q amapezekako pang'ono. Kuyambira R mpaka Z, ndi zilembo zonse zazing'ono, zimangotheka pa maadiresi ofupikirapo, omwe ndi osowa. Choncho 1Moni amafuna makiyi pafupifupi 4.5 miliyoni, pomwe 1moni, wa m wamng'ono, amafuna pafupifupi 264 miliyoni. Onaninso awa: Zikomo ali ndi zilembo 6, Chisomo ali ndi 7, koma 1Zikomo ndi 1Chisomo amavuta pafupifupi mofanana, onse akusewera cha m'ma 880 biliyoni. Z wadya chilembo chathunthu. Pakhadi langa imeneyi ndi ntchito ya mphindi ngati 15. 1Chikondi, wa zilembo 8, amafuna makiyi pafupifupi 50 thililiyoni, omwe ndi maola 14. 1Chimwemwe, wa zilembo 9, ndi masiku 34. Mukaikapo chilembo china chimodzi mwalowa m'zaka zisanu ndi miyezi.

Maadiresi a Bitcoin a mtundu wina, oyamba ndi bc1q, ndi ofewerapo, poti zilembo zake ndi 32 zokha, zonse zazing'ono, ndipo mulibe 1, b, i ndi o pambuyo pa bc1 paja. Kusowa kwa i ndi o kumapha mawu ambiri a Chichewa. Ku Ethereum, ndalama ina ya pa intaneti, zilembo ndi 16, kuyambira 0 mpaka 9 ndi a mpaka f, ndiye chilichonse chimachulukitsa ka 16, koma mawu olembeka ndi ochepa zedi.

Manambala ndatchulawa si malonjezo. Pamenepa m'pamene ndimaona anthu akukhumudwa popanda chifukwa. Ndikati 1Chimwemwe ndi masiku 34, sindikutanthauza kuti tsiku la 34 adiresi ifika. Pofika tsikulo mwayi woti mwapeza umakhala 63 pa 100 iliyonse. Theka la mwayi limakwana msanga, cha pa tsiku la 24. Kuti mufike pa 90 muyenera kuchulukitsa masiku 34 aja ndi 2.3, ndipo kuti mufike pa 99 muchulukitse ndi 4.6, omwe ndi masiku opitirira 150. Mwa anthu 100 osaka mawu amenewa, mmodzi adzakhala akadali chidikirire pakutha pa miyezi isanu, khadi lake lili bwinobwino. Makinawo sakumbukira kuti mwavutika nthawi yaitali bwanji. Kiyi ya lero ili ndi mwayi wofanana ndendende ndi ya tsiku loyamba. Kumbali ina izi n'zotonthoza: magetsi akazima pakati pa ntchito, kapena mwatseka pulogalamu kuti muchite zina, palibe chimene mwataya. Mukayatsanso simukuyambira kumbuyo, chifukwa kunalibe kutsogolo.

Tsopano tiyeni pakhadi penipeni. Ine ndimagwiritsa ntchito VanitySearch, pulogalamu imene analemba Jean-Luc Pons. Imayendera CUDA, kutanthauza kuti imafuna khadi la Nvidia. Amene ali ndi khadi la AMD amayang'ana mapulogalamu a OpenCL, monga oclvanitygen, mbali ya Vanitygen yakale ija ya mu 2011, koma dziwani kuti imeneyo ndi yochedwa poyerekeza ndi zatsopanozi. Choyamba onani ngati pulogalamu ikuliona khadi lanu:

VanitySearch -l

Kenako yesani ndi mawu ovuta dala, oti asapezeke msanga, kuti muone liwiro:

VanitySearch -gpu -t 0 -stop -o zotuluka.txt 1Chimwemwe

Apa -t 0 akuuza CPU kuti ikhale pambali. Ine ndimatero chifukwa zimene CPU imaonjezera n'zochepa kwambiri, koma imatenthetsa bokosi lonse ndi kudya magetsi. Pansi pa sikirini pamatuluka mzere umene umasinthasintha, woonetsa liwiro mu Mkey/s (makiyi mamiliyoni angati pa sekondi), makiyi amene ayesedwa kale, ndi nthawi yotsala kuti mwayi ufike theka. Musakhulupirire nambala ya mphindi yoyamba. Khadi likamazizira limathamanga kwambiri, likayamba kutentha limadzichepetsera lokha liwiro. Dikirani mphindi 15, ikani dzanja kumbuyo kwa bokosi mumve kuti mpweya wotulukawo wafunda mokhazikika, ndiye lembani nambala papepala. Tsiku lina ndinaona liwiro langa likutsika pang'onopang'ono popanda chimene ndasintha. Nditatsegula bokosi ndinapeza fumbi litapanga kansalu kotuwa pakati pa timapiko ta chitsulo choziziritsira, loti ukalikoka limachoka lonse ngati thonje. Nditapukuta, liwiro linabwerera pamalo pake. Pa laputopu ntchito ya masiku ambiri musaiyese n'komwe, mpweya sukwana.

Mukaona anthu akuonetsa manambala a makhadi awo, funsani kaye kuti ayeza ndi pulogalamu iti. Mkey/s ya VanitySearch ndi ya BitCrack, pulogalamu ina yosaka kiyi m'dera lochepa la manambala, si chinthu chimodzi. VanitySearch imadyerera khalidwe lina la secp256k1, loti ukawerengera mfundo imodzi umapezeratu zina zisanu mosavutikira, ndiye pa ntchito imodzi yolemera imayesa makiyi 6. Makiyi owonjezerawo amagwera kulikonse, zomwe zilibe vuto kwa munthu wongofuna dzina. Koma wosaka kiyi m'dera lochepa la manambala sangapindule nawo, poti amagwera kunja kwa dera lakelo. Choncho khadi lomwelo limaoneka lothamanga pa pulogalamu ina ndi laulesi pa ina. Chinanso ndi mtundu wa kiyi yoonekera. Yopanikiza ili ndi mabayiti 33 ndipo imalowa mu SHA-256 kamodzi, yosapanikiza ili ndi 65 ndipo imafuna kawiri. Mukaika -b kuti pulogalamu iyang'ane mitundu yonse iwiri, nambala isintha. Siyani mmene ilili, pa yopanikiza, ndi imenenso mawaleti a masiku ano amagwiritsa ntchito.

Amene anakumbako Ethereum isanasiye kukumbidwa mu September 2022 amabwera ndi chizolowezi chokweza liwiro la memory. Kuno sizithandiza. Ntchito iyi ndi yochulukitsa manambala mkati mwa timacore, memory imangokhala. Khadi la 24 GB silipambana la 8 GB chifukwa cha memory, limapambana ngati lili ndi timacore tambiri kapena tatsopano. Chimene chimathandiza ndi kuchepetsa malire a magetsi. Mwachitsanzo:

nvidia-smi -pl 130

Lamuloli limafuna mphamvu za administrator, ndipo nambalayo ndi mawati, muisankhe molingana ndi khadi lanu. RTX 3060 inapangidwira mawati 170, RTX 3090 mawati 350, RTX 4090 mawati 450. Tsitsani pang'onopang'ono, nthawi iliyonse dikirani mphindi zingapo ndi kulemba liwiro. Mudzaona kuti poyamba mawati amatsika kwambiri pomwe liwiro langotsika pang'ono, kenako pamafika poti liwiro layamba kugwa msanga. Imani chakumtunda pang'ono kwa pamenepo. Pa ntchito ya mphindi khumi izi zilibe kanthu. Koma khadi lodya mawati 200 limamaliza 4.8 kWh patsiku, ndipo pa masiku 34 amenewo ndi mayunitsi opitirira 160. Palinso -g yosinthira kuchuluka kwa magulu a ntchito pakhadi. Mutha kuyesa kuwirikiza manambala amene pulogalamu yadzisankhira, nthawi zina pamatuluka kaphindu, koma musatayirepo tsiku lonse.

Njira ziwiri zimene zimafupikitsa nthawi kuposa khadi lililonse n'zaulere. Yoyamba ndi -c, yomwe imalola zilembo zazikulu ndi zazing'ono kusakanikirana. Mukalolera 1ChiKoNdi m'malo mwa 1Chikondi, pafupifupi chilembo chilichonse chololedwa kukhala chachikulu ndi chaching'ono chomwe chimadula ntchito pakati. Yachiwiri ndi kusaka mawu ambiri nthawi imodzi. Lembani mawu 20 amene mungakondwere nawo mu fayilo, mzere uliwonse mawu amodzi, muipereke ndi -i. Ntchito yolemera ndi kupanga adiresi, kuiyerekeza ndi mndandanda n'kopepuka, ndiye liwiro silitsika kwenikweni koma mwayi woti chimodzi chigwe wachuluka ka 20.

Zonsezi n'zosangalatsa, koma gawo limene ndimalisamala kwambiri ndi ili: kiyiyo yachokera kuti, ndipo waiona ndani?

Kunali pulogalamu yotchuka ya Ethereum yotchedwa Profanity. Inali yothamanga, ndipo anthu ankaikonda chifukwa cha liwirolo. Vuto lake linali lakuti poyambira pa makiyi ake inkatola nambala ya mabiti 32 okha, kutanthauza poyambira 4,294,967,296 basi, nambala imene GPU imaimaliza mosavuta. Mu September 2022 a 1inch, ochita za kusinthana ndalama za pa intaneti, anachenjeza poyera za vutoli, ndipo patangopita masiku ochepa, pa 20 September, kampani ya Wintermute inaberedwa ndalama pafupifupi madola 160 miliyoni kudzera pa adiresi yopangidwa ndi pulogalamuyi. Adiresiyo inkaoneka bwino ngati ina iliyonse. Kufooka kwa kiyi sikuoneka ndi maso.

Ndiye ine ndimachita motere. Pulogalamu ndimaitenga kumene mwini wake amaika, ndipo ndikatha ndimaimanga ndekha kuchokera ku source, zolemba zake zoyambirira. Mafayilo oyendetsa amene munthu wangotumiza, ati iyi ndi yothamanga kawiri, sindiwakhudza. Ndikamapanga adiresi yoti ndisungiremo ndalama ndimazula intaneti. Sindipereka mawu anga pa -s, chifukwa mawu amene ine ndingaganize wina angathenso kuwaganiza, komanso amatsala m'mbiri ya malamulo a kompyuta. Ndipo mawebusayiti amene amati lembani dzina tikupangireni adiresi, n'kukupatsani kiyi yathunthu, muwathawe. Amene wakupangirani kiyi ali nayonso.

Nanga ngati khadi lanu ndi lofooka, mukufuna kubwereka la mnzanu kapena kuchita lendi makina a pa intaneti? Pali njira yabwino yogawa kiyi pawiri. Pa kompyuta yanu yosalumikizidwa, pangani makiyi awiri ndi -kp. Yachinsinsi sungani, yoonekera perekani kwa mwini khadi. Iye ayendetsa pulogalamu ndi -sp pamodzi ndi kiyi yoonekerayo, ndipo chimene apeze ndi kachidutswa chabe, kopanda ntchito pakokha. Akakubwezerani, mumaphatikiza ndi yanu ija pogwiritsa ntchito -rp, kiyi yeniyeni n'kubadwira m'manja mwanu. Izi zimatheka chifukwa pa masamu amenewa kuphatikiza makiyi awiri achinsinsi kumagwirizana ndi kuphatikiza makiyi awo oonekera. Mwini khadi amaiona adiresi, koma sangaitsegule.

Adiresi ikapezeka, fayilo ya zotuluka.txt imakhala ndi kiyi yanu poyera, yoyamba ndi K kapena L. Ilembeni papepala mosamala, muilowetse mu waleti yolola kulandira makiyi akunja monga Electrum, muonetsetse kuti adiresi imene yatuluka ndi yomweyo, kenako fufutani fayiloyo. Tumizani kandalama kochepa, mukatulutsenso, musanaikemo zambiri. Ndipo ichi chisakuchokeni m'mutu: kiyi imeneyi sinabadwe kuchokera ku mawu 12 kapena 24 obwezeretsera waleti yanu. Kompyuta ikafa, mawu amenewo sadzaibweza. Imafuna kusungidwa payokha.

Adiresi yokhala ndi dzinayi musaiyesenso chidindo chotsimikizira kuti ndinu. Ngati ine ndinapanga 1Moni m'kuphethira kwa diso, wakuba naye angapange yake yoyamba chimodzimodzi. Ku Ethereum, kufananitsa zilembo zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza kumafuna makiyi pafupifupi 4.3 biliyoni, ntchito yaifupi kwambiri pa GPU, ndipo akuba amachitadi zimenezi: amakutumizirani kandalama kuchokera ku adiresi yofanana ndi ya munthu amene mumachita naye malonda, kuti tsiku lina mudzakope yolakwika m'mbiri ya waleti. Werengani ndi zilembo zapakati zomwe.

Tsono pali funso limene limabwera nthawi zonse, ena amafunsa monong'ona: kodi khadi lothamanga chonchi silingagwere kiyi ya munthu wina yokhala ndi ndalama? Ndalama za wina n'za wina, kuzitenga n'kuba, zimenezo sitikambirananso. Koma ngakhale masamu amakana. Maadiresi otheka ndi 2 kudzichulukitsa ka 160, nambala ya madijiti 49. Tiyerekeze kuti maadiresi 100 miliyoni ali ndi ndalama, ndipo inu muli ndi makhadi 1,000 onga langa. Mungadikire zaka zoposa 400 biliyoni kuchulukitsa ndi biliyoni ina, pomwe chilengedwe chonsechi chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Wina akamakugulitsani pulogalamu yoti imapeza mawaleti otayika, chimene ikusakadi ndi waleti yanu.

Kusaka kumene kuli kololedwa ndi kwa mpikisano uja wa mu 2015, pamene munthu wina anaika dala Bitcoin m'maadiresi amene makiyi ake ndi ofupikitsidwa: woyamba wa biti imodzi, wachiwiri mabiti awiri, kumangokwera choncho. Apa m'pamene BitCrack imagwira ntchito, kuyenda kiyi ndi kiyi m'dera lodziwika, ndipo apa pokha kulemba pamene mwafika kuli ndi phindu, chifukwa magetsi akazima mumafuna kupitiriza pomwe munalekera. Koma onani kukula kwake. Dera la adiresi ya nambala 66 lili ndi makiyi 2 kudzichulukitsa ka 65, pa biliyoni imodzi pa sekondi ndi zaka pafupifupi 1,170, ndipo linatsegulidwa mu September 2024. Dera la 71 ndi lalikulu ka 32 kuposa pamenepo, zaka zoposa 37,000 pakhadi limodzi lotere.

Zinthu zimasinthiratu kiyi yoonekera ikadziwika. Njira ya kangaroo ya John Pollard, yomwenso Pons anailembera pulogalamu, simayenda dera lonse, imafuna masitepe pafupifupi kawiri square root ya kukula kwa deralo. Pa dera la 66 amenewo ndi masitepe ngati 12 biliyoni, kutanthauza masekondi owerengeka pa GPU yabwino. Kiyi yoonekera imaululika nthawi imene mwatumiza ndalama kuchokera pa adiresiyo, ndipo buloko ya Bitcoin, yomwe imatsimikizira ndalama zotumizidwazo, imatenga mphindi pafupifupi 10 kuti ituluke. M'mphindi zimenezo wina wongoyang'anira angawerengere kiyi yachinsinsi, n'kutumiza yake yolipira zambiri kuti ilowe m'malo mwa yanu. Izi zimakhudza makiyi ofupikitsidwa okhawa. Kiyi yanu ya vanity, ngati inatoledwa bwino m'mabiti onse 256, kangaroo angafune masitepe 2 kudzichulukitsa ka 128, ndipo palibe makina ofika kumeneko.

1Chimwemwe uja ndinamuimitsa tsiku lachitatu. Ndinalemba mawu khumi a zilembo 7, onse oyamba ndi zilembo zapakati pa A ndi P, opanda l wamng'ono, ndinatsitsa mawati, ndinazula chingwe cha intaneti, ndipo pasanathe mphindi zisanu mmodzi mwa iwo anali atatuluka pa sikirini. Pepala la kiyi yake ndinalemba kawiri ndi pensulo, chilembo ndi chilembo, ndikuwerenga mokweza kuti ndisasokoneze 5 ndi S.